Fischer SXR pa khoma la mabuloko: imagwira thabwa mwamphamvu, malinga bowo ndi buloko zili bwino

Mmisiri wa matabwa amene anaphunzira ntchito yake pa makoma a njerwa zootcha amadziwa kuti msomali wa konkire, ukamenyedwa bwino pamzere wa simenti pakati pa njerwa, umatha kugwira thabwa la makatani kwa zaka zambiri. Nzeru imeneyi yayamba kuchepa mphamvu chifukwa makoma enieniwo asintha. Kuyambira mu 2018, pamene boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi nyumba zamalonda pofuna kupulumutsa mitengo imene imathera m'mauvuni, mabuloko a simenti afala m'masitolo, m'masukulu, m'maofesi ngakhalenso m'nyumba zogona za anthu amene lamulolo silinawakakamize. Khoma la mabuloko limakwera msanga ndipo limaoneka lowongoka, koma vuto lake limaonekera tsiku limene mwini nyumba afuna kupachika kabati ya m'khitchini, mashelefu a m'sitolo kapena timatabwa togwira siling'i m'mbali mwa khoma. Pa ntchito zoterezi ndimagwiritsa ntchito kwambiri pulagi yaitali ya Fischer SXR, kachubu kolowetsa m'bowo la khoma kuti sikuluwu igwire, ndipo maganizo anga ndi akuti ndi chipangizo chabwino kuposa zinzake zambiri, ngakhale kuti ubwino wakewo umadalira zinthu ziwiri zimene sizili m'paketi, zomwe ndi kabooledwe ka bowo ndi kulimba kwa buloko.

Kuti timvetse chifukwa chimene msomali umalepherera, tiyenera kuyang'ana buloko yeniyeniyo isanamangidwe. Buloko yodziwika kwambiri imakhala yotalika pafupifupi mamilimita 400 ndi msinkhu wa mamilimita 200, ndipo m'kati mwake mumakhala mphako ziwiri kapena zitatu. Kachipupa kakunja, kamene ndi kokhako kamene thabwa lingagwirepo, nthawi zambiri kamakhala kochindikala mamilimita apakati pa 25 ndi 35 basi. Kuseri kwake kuli mpweya wokhawokha. Msomali ukamenyedwa ndi nyundo pa kachipupa kopyapyala chotere umatulukira m'mphako utagumula chibenthu cha simenti kumbuyo, moti pamene munthu akuganiza kuti msomali walowa mozama, gawo limene lagwiradi limakhala lochepa kwambiri. Thabwalo limaoneka lolimba tsiku loyamba, koma likayamba kulandira katundu ndi kugwedezeka kwa zitseko zotsekedwa mwamphamvu, msomali umayamba kusewera m'bowo mpaka tsiku lina shelefu kupendekeka.

SXR ndi pulagi ya nayiloni imene imabwera pamodzi ndi sikuluwu yake, ndipo kusiyana kwake ndi timapulagi tating'ono timene tonse tinazolowera ndi kwakuti iyi ndi yaitali mokwanira kudutsa m'thabwa ndi kulowa m'khoma nthawi imodzi. Mbali ya kumutu ndi yosalala ndipo imakhala m'kati mwa thabwa ndi m'pulasitala, pamene mbali ya kunsonga ndi imene imatambasuka sikuluwu ikamalowa, n'kukanikiza m'mbali mwa bowo. Imapezeka ya mamilimita 8 ndi ya mamilimita 10 m'mimba mwake, ndipo ya 10 imabwera muutali wosiyanasiyana monga 80, 100, 120 ndi kupitirira apo. Pali ya mutu wolowa m'thabwa n'kufanana nalo, imene ndi yoyenera pa ntchito ya matabwa, ndiponso ya mutu wa sipanala wokhala ndi washa, imene imayenera pa zitsulo monga mabulaketi. Opanga ake ndi kampani ya ku Waldachtal m'dziko la Germany, imene anaiyambitsa ndi Artur Fischer mu 1948. Iyeyu ndi amene anatulukira pulagi ya nayiloni yotambasuka mu 1958, patapita zaka pafupifupi makumi asanu kuchokera pamene John Joseph Rawlings wa ku London anapanga pulagi yoyamba ya ulusi womatidwa ndi guluu, imene inabala dzina la Rawlplug. Mbiriyi ili ndi phindu limodzi kwa wogula: dzina la Fischer linafala kwambiri moti m'mahadiweya ambiri pulagi iliyonse ya pulasitiki imatchedwa ndi dzinali, choncho munthu amene akufuna SXR yeniyeni ayenera kuwerenga zolembedwa pa paketi ndi pa pulagi yomwe, osangokhulupirira mawu a wogulitsa.

Chinthu choyamba chimene ndimachikonda pa pulagiyi ndi kaikidwe kake. Ndi timapulagi tating'ono, mmisiri amaboola thabwa, kenako amaika chizindikiro pakhoma, n'kuchotsa thabwa, kuboola khoma, kulowetsa mapulagi ndi kubwezeretsa thabwa uku akupemphera kuti mabowo onse akumane. Pa thabwa lalitali, bowo limodzi kapena awiri sakumana, ndipo sikuluwu imalowa mopendekeka. Ndi SXR thabwa siliyenera kuchoka pamalo pake. Mukaliboola ndi biti ya matabwa ya mamilimita 10, mumaliika pakhoma, mumaboola khoma kudzera m'bowo lomwelo ndi biti ya konkire, mumalowetsa pulagi ndi sikuluwu yake pomenya pang'onopang'ono ndi nyundo kufikira mkombero wa pulagi utakhala pathabwa, kenako mumamanga sikuluwu. Ndimayamba ndi bowo lapakati kapena lakumapeto, ndikamanga ndimaika levulo pamwamba pa thabwa, ndipo ndikakhutira kuti lawongoka ndimapitiriza mabowo otsalawo thabwa lili pomwepo. Kwa munthu amene akugwira ntchito yekha, popanda womugwirira mbali ina, zimenezi zimapulumutsa nthawi yambiri ndiponso zimachepetsa mabowo olakwika amene amaipitsa khoma lopakidwa kale penti.

Kusankha utali ndi pamene anthu ambiri amasochera, ndipo pano ndichedwapo pang'ono. SXR inapangidwa kuti ilowe mamilimita 50 m'chinthu cholimba, ndipo pulasitala sawerengedwa ngati chinthu cholimba chifukwa sagwira kanthu. Choncho muyenera kuphatikiza kuchindikala kwa thabwa, kuchindikala kwa pulasitala ndi mamilimita 50 amenewa. Thabwa la mamilimita 38 pa khoma la pulasitala wa mamilimita 12 limafuna pulagi ya mamilimita 100 ndendende, pamene thabwa la mamilimita 25 pa buloko yosapakidwa pulasitala limakwanira ndi ya 80. Pa khoma la njerwa kapena la konkire, kugula pulagi yaitali kuposa muyezo sikuwononga kanthu kupatula ndalama. Pa buloko ya mphako nkhani ndi ina, chifukwa mkombero wa pulagi umaima pathabwa, ndiye ikatalika kwambiri gawo lonse lotambasuka limapitirira kachipupa n'kukatambasukira m'mphako, pamene m'kachipupamo mwatsala gawo losalala limene silikanikiza kanthu. Mwini nyumba amene amauza mmisiri kuti agule zazitali kuti zigwire kwambiri amakhala akufooketsa ntchito yake yomwe mosadziwa. Kuchindikala kwa pulasitala nakonso sikuyenera kungoganiziridwa, popeza amisiri ena amabisa kukhota kwa khoma ndi pulasitala wochindikala mbali imodzi. Bowo limodzi loyesera pamalo pamene thabwa lidzabise limakuuzani zoona, chifukwa fumbi limasintha mtundu ndipo biti imayamba kulimbana pamene yafika pa buloko.

Chinthu china, chimene kwa ine ndi chachikulu pa zonse, ndi batani la hamala pa makina oboolera. Amisiri ambiri akangomva kuti khoma ndi la simenti amayatsa hamala, chifukwa bowo limatheka m'kanthawi kochepa. Malangizo a opanga pulagiyi amanena kuti pa njerwa ndi mabuloko a mphako makina ayenera kungozungulira popanda kumenya, ndipo amene anayang'anapo m'kati mwa buloko yobooledwa ndi hamala sangatsutse. Kumenyako kumachita zomwe msomali umachita: biti ikatsala pang'ono kutulukira, simenti ya kumbuyo imagumuka ngati chibenthu chachikulu, ndipo kachipupa ka mamilimita 30 kamatha kutsala ndi theka lokha pamalo pamene pulagi imayenera kugwira. Makina akuluakulu oboola momenya mwamphamvu, otchedwa SDS, amene ndi abwino kwambiri pa konkire, ndiwo amawononga koposa akasiyidwa pa hamala. Kuboola mozungulira kokha kumachedwa ndipo kumafuna biti yakuthwa, koma bowo limatuluka lozungulira bwino komanso la muyezo wake. Biti yotha kapena yopindika imakulitsa bowo, ndipo bowo la mamilimita 11 silingagwire pulagi ya mamilimita 10 ngakhale itakhala ya dzina lotani. Mukamaliza, chotsani fumbi m'bowo ndi kapampu kapena kaburashi, chifukwa fumbi lotsalira limakhala pakati pa nayiloni ndi simenti n'kuchititsa kuti pulagi iterereke. Ubwino wina wa kuboola kotereku ndi wakuti makina a batire wamba amakwanitsa, zimene ndi zothandiza pa malo omanga pamene magetsi sanalumikizidwe kapena athima.

Bowo likakhala labwino, kamangidwe ka SXR kamakhutiritsa. Sikuluwu imayamba mopepuka, kenako imalimba pang'onopang'ono mpaka mutu utakhala m'thabwa, ndipo dzanja limamva kuti chinachake chagwira kuseriko. Timano ta m'mbali mwa pulagi timailetsa kuzungulira limodzi ndi sikuluwu, vuto limene ndakumana nalo kawirikawiri pa mapulagi otchipa opanda dzina, amene pulasitiki yake imakhala yofewa kwambiri kapena yophweka kuthyoka, moti ina imapindika pakhomo pa bowo isanalowe n'komwe. Thabwa limakokeka n'kukhala phwatalala pakhoma, ndipo chifukwa nayiloni imadzaza bowo la m'thabwa, palibe mpata woti thabwa litsetsereke pansi likalemedwa. Chenjezo ndi lakuti mutu ukangokhala m'malo mwake musiye kumanga. Makina amphamvu amatha kupitiriza kuzunguza sikuluwu mpaka mano ake atadya nayiloni kapena kumiza mutu m'thabwa lofewa la paini, ndipo kulimba konse kumathera pomwepo.

Pa funso la malo oboola, amisiri amasiyana maganizo. Ena amakonda mzere wa simenti pakati pa mabuloko chifukwa ndi wofewa kuboola, koma ine sindiukhulupirira, makamaka mzere woimirira, umene omanga ambiri saudzaza mokwanira. Malo abwino koposa ndi pamene pali kachipupa ka m'kati kolekanitsa mphako, chifukwa pamenepo pulagi imalowa m'simenti yokhayokha kuya kwake konse, ndipo pa buloko ya mphako ziwiri malowa amakhala pakati penipeni pa utali wake. Pa khoma losapakidwa pulasitala ndi posavuta kupapeza. Pa lopakidwa mumangozindikira pamene biti sinagwere m'mphako. Pewani kuboola pafupi ndi ngodya ya khoma kapena m'mphepete mwa zenera ndi chitseko, ndipo ine ndimasiya mamilimita osachepera 100 kuti buloko isang'ambike. Mpata wa pakati pa mapulagi ndimausunga pakati pa mamilimita 400 ndi 600 malinga ndi kulemera kwa katundu, ndipo pa thabwa lotambalala ndimawasinthanitsa, wina m'mwamba wina m'munsi, kuti thabwa lisapindike komanso lisang'ambike motsatira mzere umodzi. Musanaboole, yang'anani pamene pali masoketi ndi maswichi, popeza mapaipi a mawaya a magetsi nthawi zambiri amakwera kapena kutsika molunjika kuchokera pamenepo, ndipo amakhala pansi pa pulasitala penipeni.

Tsopano tifike pa chinthu chimene palibe pulagi ingachigonjetse, chomwe ndi buloko yofooka. Mabuloko ogulitsidwa m'mbali mwa misewu sali ofanana. Ena amaumbidwa ndi makina otsendera bwino ndipo amathiriridwa madzi kwa masiku okwanira, koma ena amaumbidwa ndi mchenga wochuluka pa thumba limodzi la simenti, amaumitsidwa padzuwa osathiriridwa, n'kugulitsidwa simenti isanakhwime, chikhalirecho simenti imafuna masiku 28 kuti ifike pa mphamvu imene amaiyezera. Buloko yotere imadziwika msanga: mukaikanda ndi msomali mchenga umayoyoka, ndipo biti imalowa ngati ikuboola chigumu. Pa buloko imeneyi SXR imatambasuka monga mwa ntchito yake, koma m'malo mokanikiza chinthu cholimba imangofumbutsa mchenga, ndipo sikuluwu imazungulira osalimba. Amene angaimbe mlandu pulagi pamenepa akulakwitsa, koma ndi zoonanso kuti wogula ayenera kudziwa kuti ndalama zake sizingamugulire kulimba kumene khoma lilibe. Pa makoma otere njira imene ndaona ikuthandiza ndi ya guluu wa mankhwala wopopera m'bowo, wogwiritsidwa ntchito ndi kachubu ka sefa kamene kamaletsa guluuyo kugwera m'mphako. Akauma amapanga chotupa kuseri kwa kachipupa ndipo samakanikiza buloko. Ndi njira yodula komanso yochedwa, koma pa kabati yolemera palibe kuchitira mwina, kupatula kuboola khoma lonse n'kudutsitsa bawuti yokhala ndi washa wamkulu kuseri.

Poyerekeza ndi njira zina, SXR imaima pakatikati pabwino. Kukhoma kamtengo m'bowo n'kumenyapo msomali, monga ankachitira akale, kumagwira nyengo ya dzinja pamene mtengo watupa, koma m'chilimwe umauma n'kukhwefuka, ndipo chiswe chikaupeza nkhani yatha. Mabawuti achitsulo otambasuka, amene ambiri amawatcha Rawlbolt, ndi amphamvu kwambiri pa konkire yolimba, koma mphamvu yomweyo imatha kung'amba kachipupa kopyapyala ka buloko, ndipo chigoba chake nthawi zina chimagwera m'mphako musanamange n'komwe. Masikuluwu odzisemera okha mano m'simenti, monga a Tapcon a mtundu wa buluu ochokera ku America, ndi achangu ndipo sakanikiza m'mbali kwenikweni, koma amafuna bowo la muyezo weniweni ndi buloko yokhwima, apo ayi mano amene asema amafumbutuka mukangowonjezera kumanga pang'ono. Nayiloni ili ndi chifundo chimene chitsulo chilibe, chifukwa imadzikonza motsatira mabampu a m'bowo.

Zofooka zake zilipo ndipo siziyenera kubisidwa. Mtengo wake ndi wokwera kwambiri poyerekeza ndi misomali ya konkire, moti pa ntchito yaikulu monga kuzunguza timatabwa ta siling'i nyumba yonse, mwini ntchito amayamba kufunsa ngati n'kofunikadi. Pa matabwa opepuka otere ya mamilimita 8 imakwanira ndipo imachepetsako ndalama. Sipezeka m'hadiweya iliyonse, ndipo kumene ikupezeka mwina pamakhala utali umodzi wokha, zimene zimakopa munthu kugula wolakwika. Mutu wa sikuluwu ndi wa Torx, wa ngati nyenyezi, wa muyezo wa T40 pa ya 10 ndi T30 pa ya 8, ndipo ngakhale mutu umenewu ndi wabwino chifukwa biti siterereka, mmisiri amene wafika pa ntchito ndi sikuludiraiva ya mtanda yokha abwerera osagwira kanthu. Gulani biti yake tsiku lomwelo, ndipo ngati n'kotheka ziwiri. Sikuluwu wamba ya m'paketi ndi yokutidwa ndi zinki, yoyenera m'nyumba mouma. Panja, m'bafa kapena pa matabwa othiridwa mankhwala oteteza ku chiswe, amene ambiri mwa iwo amakhala ndi kopa wofulumizitsa dzimbiri, pamafunika ya chitsulo chosachita dzimbiri ya A4, imene ndi yodula kwambiri komanso yovuta kuipeza.

Chofunika kuchimvetsa bwino ndi malire a ntchito yake. Chilolezo chimene pulagiyi ili nacho ku Ulaya ndi cha zinthu zomangidwa ndi mapulagi angapo zimene si mbali ya mphamvu ya nyumba, kutanthauza kuti imodzi ikalephera zinzake zimalandira katunduyo. Mafelemu a mazenera ndi zitseko, timatabwa tokhomerapo zokutira khoma, makabati ndi mashelefu zili m'gulu limeneli. Mtanda wonyamula denga la khonde, kapena thabwa la pamwamba pa khoma limene limagwira denga kuti lisanyamuke ndi mphepo ya mkuntho, si za pulagi ya nayiloni pa buloko ya mphako. Ntchito imeneyo imafuna zitsulo kapena mawaya omangiriridwa m'khoma pa nthawi yomanga, kapena mabawuti olowa m'mphako zodzazidwa ndi konkire. Ndimaona makonde ena omatidwa pa nyumba zakale atapachikidwa pa mapulagi okhaokha, ndipo sindingalangize munthu kuyala mphasa pansi pake nyengo ya mvula.

Thabwa lenilenilo nalonso lili ndi gawo lake pa kulimba kwa ntchito. Matabwa a paini, monga ochokera ku Chikangawa, kawirikawiri amafika pamsika asanaume bwino, ndipo thabwa laliwisi likamangidwa pakhoma limafota pouma n'kusiya mpata pansi pa mutu wa sikuluwu. Ubwino wa SXR pamenepa ndi wakuti mungathe kubwerera patapita miyezi ingapo n'kumanganso pang'ono, chinthu chimene msomali sulola. Bulugama ndi wolimba koma amang'ambika msanga kumapeto, choncho bowo lomaliza lisayandikire nsonga ya thabwa. Pa khoma lakunja kapena pafupi ndi pansi, buloko imayamwa chinyezi n'kuchipereka kwa thabwa, motero ndi nzeru kuika kansalu ka pulasitiki yakuda yotchinga chinyezi kuseri kwake, kapena kupaka mbali yobisikayo mankhwala musanalikhome. Khoma likakhala ndi mabampu musakakamize thabwa kuti litsatire khomalo pomanga mwamphamvu, chifukwa likafuna kuwongoka limakhala likukoka pulagi usana ndi usiku; ikani timapisi ta pulayiwudi kuseri pamalo pamene pali mpata, pafupi ndi sikuluwu iliyonse, ndipo muwerengere kuchindikala kwake posankha utali wa pulagi.

Kwa kalipentala amene amapachika makabati a m'khitchini, mashelefu a m'masitolo ndi mafelemu pa makoma a mabuloko, SXR ndi yoyenera mtengo wake, ndipo ya 10 x 100 ya mutu wolowa m'thabwa ndi imene imakwanira ntchito zambiri za m'nyumba zopakidwa pulasitala. Kwa munthu amene akungofuna kupachika chithunzi kapena wotchi, kapulagi wamba ka mamilimita 6 kamakwanira ndipo palibe chifukwa chowonongera ndalama. Ngati pamalo pa ntchito patsala buloko imodzi ya mtundu umene unamangira khomalo, yambani mwaiboola, mumangirepo kachidutswa ka thabwa lomwe mukufuna kugwiritsa ntchito, kenako muitembenuze ndi kusuzumira m'mphako. Mudzaona ngati kumbuyo kwagumuka, ngati gawo lotambasuka lagwira m'kachipupa kapena lapitirira, ndipo mukakoka kachidutswako ndi nyundo ya mano mudzadziwa ngati khomalo likufuna SXR kapena guluu wa mankhwala musanagule paketi yonse.